Makoleji aphunzitse aphunzitsi kugwiritsa ntchito zilankhulo ziwiri m'kalasi

Akonzi,

Ndiloleni ndiikepo mlomo pa nkhani ya chilankhulo chophunzitsira ana a m'makalasi oyambirira. Ndine mphunzitsi wa pulayimale m'boma la Machinga, ndipo ndakhalitsa mu Sitandade 1 ndi 2. Ana ambiri amene ndimalandira amalankhula Chiyao kwawo. Tsiku loyamba lomwelo amakumana ndi Chichewa komanso Chingerezi, zonse zachilendo kwa ena a iwo, kenaka timadabwa kuti bwanji afika Sitandade 4 asakutha kuwerenga.

Malamulo pa nkhaniyi akhala akusinthasintha. Mu 1968 Chichewa chinasankhidwa kukhala chilankhulo cha fuko, Chitumbuka n'kuchotsedwa m'sukulu ndi pawailesi. Mu 1996 unduna wa zamaphunziro unalemba kalata yoti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira m'chilankhulo cha kwawo, koma mabuku a Chiyao ife sitinawaone. Lamulo la zamaphunziro la 2013 linaika Chingerezi patsogolo, ndipo mu 2014 kunalengezedwa kuti ana aziphunzira m'Chingerezi kuyambira mu Sitandade 1. Chaka chomwecho anzathu a ku Zambia ankachita zosiyana, kubwerera ku zilankhulo za kwawo m'makalasi anayi oyambirira.

Chondiwawa n'chakuti kafukufuku alipo, ndipo wina anachitikira konkuno. M'zaka za m'ma 1990 katswiri wina, Eddie Williams, anayesa ana a ku Malawi ndi a ku Zambia pa kuwerenga. Nthawi imeneyo ana athu ankaphunzira m'Chichewa mpaka Sitandade 4, pomwe a ku Zambia ankayamba ndi Chingerezi. Anapeza kuti pa kuwerenga Chingerezi magulu awiriwa sankasiyana kwenikweni, koma pa kuwerenga chilankhulo cha kwawo ana a ku Malawi anali patsogolo kwambiri. Ndiye kuti zaka zinayi zophunzira m'Chingerezi sizinawapindulire kanthu anzathuwo. Ku Nigeria nakonso, kuyambira 1970, a Babs Fafunwa ndi anzawo a ku yunivesite ya Ife anaphunzitsa ana m'Chiyoruba zaka zisanu ndi chimodzi, Chingerezi chili phunziro lapadera, ndipo anawo sanatsalire m'Chingerezi.

Chimene chimachititsa zimenezi mphunzitsi aliyense wa Sitandade 1 amachidziwa ngakhale sanawerenge buku la katswiri. Mwana amaphunzira kuwerenga kamodzi kokha. Akangozindikira kuti malembo amaimira maliwu, kuti ba, be, bi, bo, bu akaphatikizidwa amatulutsa mawu amene amawamva kunyumba, luso limenelo amapita nalo ku chilankhulo china. Koma akayamba ndi mawu amene sakuwamva, amangoloweza. Amayimba chiganizo chonse molondola, ukamufunsa tanthauzo amayang'ana pansi.

Musandimve molakwa. Makolo akamafuna Chingerezi sakulakwa: mayeso a Sitandade 8 amalembedwa m'Chingerezi kupatula pepala la Chichewa, ndipo wolephera Chingerezi sapata satifiketi ya MSCE. Inenso ana anga ndimafuna achidziwe. Funso ndi njira yofikira kumeneko.

Zimene zimachitika m'kalasi ndi izi. Timayamba phunziro m'Chingerezi, ana ali duu, timatembenukira ku Chichewa, ndipo kuno kwathu nthawi zina timapempha mwana wochangamuka kuti afotokozere anzake m'Chiyao. Tonse timatero, koma mobisa. Kukabwera alangizi kudzaona phunziro, Chingerezi chimachuluka mwadzidzidzi, ana n'kumangovomera "yes" pa chilichonse. Kukoleji palibe anatiphunzitsa nthawi yoyenera kusintha chilankhulo, kapena mmene ungayambire ndi chimene mwana akudziwa n'kumufikitsa ku mawu a Chingerezi osamusiya panjira. Aliyense amangopeka njira yake. Mphunzitsi wochokera ku Dedza akatumizidwa kuno, kapena wa ku Mulanje akapita ku Rumphi, amayamba ntchito asakudziwa ngakhale moni wa anawo.

Ku Zomba kuli Centre for Language Studies, nthambi ya yunivesite yofufuza za zilankhulo, imene inalowa m'malo mwa Chichewa Board mu 1996. Anatipatsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja, anakonzanso kalembedwe ka Chiyao ndi Chitumbuka. Akatswiri monga a Pulofesa Al Mtenje ndi malemu a Pulofesa Gregory Kamwendo alemba zambiri za zilankhulo m'dziko muno. Koma zolembazo zili m'Chingerezi chozama, m'mabuku amene mphunzitsi wa ku Nayuchi sadzawagwira. Pochoka ku Zomba kupita ku Domasi, kumene amalemba mabuku a m'sukulu zathu, si patali, nanga nzeruzi zikuchedwa pati?

Pempho langa kwa a unduna ndi akuluakulu a makoleji a aphunzitsi ndi lakuti phunziro la kaphunzitsidwe ka ana a zilankhulo zosiyanasiyana lilowe m'makoleji onse, ndipo ophunzira aziliyesa m'kalasi lenileni pa nthawi yoyeserera ntchito. Kwa a ku yunivesite, zimene mwapeza mutilembere mwachidule m'Chichewa, m'Chiyao ndi m'Chitumbuka, zifike ku ma TDC, malo osulira aphunzitsi kumene timakumana. Ndipo mukamachita kafukufuku wina, bwerani mudzakhale nafe sabata yathunthu m'kalasi la ana opitirira 100, tidzakuonetsani zimene tayesa kale.

Mphunzitsi,
Machinga