Dandaulo pa zikwama ziwiri za kumsana zomwe zawonongeka m'masabata asanu

Kwa Mkulu Woona za Makasitomala,

Bwana kapena Mayi,

Takulemberani pa nkhani ya zikwama ziwiri za kumsana zomwe tinagula kwa inu, china cha malita 55, china cha malita 45 chosokedwa molingana ndi msana wa munthu wamkazi. Pa kapepala komwe munapachika pa zikwamazi munalemba kuti n'zoyenera maulendo a m'mbali mwa nyanja ndi pa zilumba, kuti sizilowa madzi, komanso kuti zili ndi waranti ya zaka ziwiri. Tayenda nazo masabata asanu okha pa gombe la Tanzania, kuyambira ku Bagamoyo, kudutsa ku Zanzibar mpaka ku Kilwa, ndipo zonse ziwiri zabwerako zoti munthu sangayendenso nazo. Yankho lanu la pa imelo likuti olakwa ndife chifukwa zikwamazo zinakhudza madzi a mchere. Yankho limeneli sitikulilandira. Palibe amene angafike pa chilumba cha m'nyanja ya mchere chikwama chake osakhudza mcherewo, ndipo inu munatigulitsa zikwamazi potchula ulendo womwewo.

Vuto loyamba ndi mazipi. Pa timitu ta zipi tisanu ndi tinayi tomwe tili pa zikwama ziwirizi, tisanu tauma gwa, sitisuntha. Titapala utoto pa kamodzi tinapeza kuti n'kachitsulo kosakaniza ndi zinki. Madzi a m'nyanja amakhala ndi magalamu pafupifupi 35 a mchere pa lita imodzi. Timadontho touluka ndi mphepo mukakhala m'boti timauma n'kusiya mchere m'mano a zipi, mcherewo umakoka chinyezi cha mumpweya, ndiye zinki amayamba kudyeka. Chimene chimaoneka ndi ufa woyera ngati phulusa womwe umatupa mkati mwa kamutu mpaka kukakamira ku mano. Chisamaliro choyenera tinachichita: kutsuka ndi madzi abwino tikangotsika m'boti, kukwecha ndi mswachi wakale, kuyanika pamthunzi, kenako kupaka kandulo m'mano. Zipi yabwino imapirira ikamasamalidwa chonchi. Zanu zinayamba kukakamira sabata yachiwiri isanathe. Opanga katundu wa m'madzi amaika timitu ta pulasitiki kapena ta chitsulo chosachita dzimbiri chifukwa cha vuto lomweli, ndipo izi n'zodziwika kwa aliyense wosoka zinthu za m'maboti.

Zipi yaikulu ya chikwama cha malita 55 ilinso ndi vuto lake. Ndi ya nambala 5, kutanthauza kuti mano ake akatsekedwa ndi mamilimita pafupifupi 5 mulifupi. Imeneyi ndi zipi ya kathumba ka m'mbali. Pakamwa pa chikwama chachikulu chotere pamafunika nambala 8 kapena 10. Pokhota penipeni, pomwe nsalu imakokeka kwambiri, mano amatseguka kumbuyo kwa kamutu, ndiye chikwama chimayasama chikadali kumsana.

Mawu akuti sizilowa madzi ndi amene atipweteka kwambiri, chifukwa tinawakhulupirira. Mabwinja a Kilwa Kisiwani ndi Songo Mnara, omwe bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa malo a mbiri ya dziko lonse mu 1981, ali pa zilumba ndipo mumafikako pa boti kuchokera ku Kilwa Masoko. Katundu amagonekedwa pansi m'boti, pomwe nthawi zonse pamakhala timadzi toyendayenda. Nyanja ikaphwa boti silifika kumtunda, mumatsikira m'madzi chikwama chili pamutu. Chikwama cholembedwa kuti n'cha pa zilumba chiyenera kupirira zimenezi. Zanu zinanyowetsa zovala, mankhwala a malungo ndi chaja ya foni pa ulendo woyamba wa boti.

Titabwerako tinafufuza chifukwa chake, ndipo mukhoza kuyesa nokha pa chikwama chilichonse chomwe muli nacho m'sitolo. Thirani malita awiri a madzi mkati, chipachikeni pa msomali, ikani pepala louma pansi. Chathu chinayamba kudontha mphindi zitatu zisanakwane, ndipo madontho onse ankachokera m'misoko. Mukatembenuza chikwama muona kuti misokoyo yangosokedwa ndi ulusi basi, sinamatidwe tepi kapena kuwotcherera. Paliponse pomwe singano inaboola ndi khomo la madzi. Nsalu ingakhale yabwino bwanji, msoko wosamata umadontha. Pa kapepala kanu palibenso nambala iliyonse yosonyeza kuti munayesa. Katundu wopirira madzi amalembedwa mulingo wake: IPX4 ndi wopirira madzi ongowaza, IPX7 ndi woti atha kumira mita imodzi kwa mphindi 30. Ngati zikwama zanu zimangopirira mvula yowaza, lembani zimenezo, kuti wogula adziwe zoti pasipoti ndi foni azizikulunga m'thumba lina lopinda pakamwa katatu.

Kansalu kofunditsa chikwama mvula ikamagwa sikathetsa vutoli. Kamaphimba kutsogolo kokha, mbali yogunda msana imakhala pamtunda, choncho chikwama chikagonekedwa m'boti madzi amalowera komweko. Kalibenso lamba wokamangira, kangogwidwa ndi lasitiki, moti kamodzi kanauluka ndi mphepo pa sitima ya pakati pa Dar es Salaam ndi Zanzibar.

Mkati mwa chikwama cha malita 45 muli china chomwe tikufuna mutifotokozere. Utoto woteteza madzi wopakidwa kuseri kwa nsalu wayamba kumata m'manja, ukusupuka tizidutswa toyera tomwe tikukakamira ku zovala, ndipo ukutulutsa fungo lowawasa. Utoto wa polyurethane umatha chonchi ukakhalitsa pamalo otentha ndi achinyezi, koma zimatenga zaka, osati masabata asanu. Ife tikuganiza kuti chikwamachi chinakhalitsa m'nyumba yosungira katundu musanachigulitse. Tiuzeni chaka chomwe chinasokedwa, poti nambala yake ili pa kansalu ka mkati ndipo tajambula.

Lamba wa paphewa la kumanja wa chikwama chachikulu anazuka pamwamba chili ndi katundu wa makilogalamu 13, pomwe inu munalemba kuti chimanyamula mpaka 18. Telala amene anatisokera kuti tithe kupitiriza ulendo anaphwasula pamalopo ife tikuona. Lambayo analowa mumsoko sentimita imodzi yokha ndipo anagwidwa ndi mzere umodzi wa ulusi. Pamalo ponyamula katundu yense pamayenera kusokedwa mobwerezabwereza pamodzimodzi, kapena kusoka kabokosi kokhala ndi mtanda pakati. Apa mchere sukukhudzidwa n'komwe, ndi kusoka kothamangira. Pa chikwama chaching'ono, chomangira cha pulasitiki cha lamba wa m'chiuno chinang'aluka dzino limodzi. Lamba ameneyu ndi amene amatsitsira kulemera kwa katundu m'chiuno. Akaduka, zonse zimabwerera m'mapewa, ndipo pa Kilwa Kisiwani kuchoka pa linga lakale la Gereza, kudzera pa mzikiti waukulu kukafika ku nyumba yachifumu yakale ya Husuni Kubwa mumayenda wapansi dzuwa likuswa mtengo.

Sitikufuna kukuunjikirani zomwe si zanu. Pansi pa zikwama zonse ziwiri pakalikakalika chifukwa makoma ndi njira za m'mabwinjawa n'za miyala ya korali yomwe imadya nsalu ngati tupa. Zimenezo sitikulipiritsani, ngakhale tinganene kuti nsalu ya 210D (nambala yosonyeza kunenepa kwa ulusi wake) yomwe mwaika pansi n'njopyapyala, pamafunika 420D kapena kuposa. Tizitsulo ta aluminiyamu ta kumsana n'tabwino, sitinapindike, ndipo posinthira kutalika kwa msana pamagwira bwino. N'chifukwa chake zikutiwawa kuti chikwama chokonzedwa bwino chotere chawonongeka ndi tinthu totchipa ngati kamutu ka zipi ndi ulusi.

Kasamalidwe ka dandaulo lathu nakonso sikanatisangalatse. Talemba maimelo atatu, lililonse lili ndi zithunzi, ndipo katatu konse tayankhidwa ndi mawu omwewo osasintha ngakhale chilembo. Palibe amene wayankhapo za lamba wozukayo. Mukutiuzanso kuti titumize zikwamazi ndi ndalama zathu musanavomere n'komwe kuti muziona.

Tikupempha kuti mutibwezere ndalama zonse za chikwama cha malita 55, chifukwa zipi ndi lamba wake n'zolakwika kuchokera kosokera. Cha malita 45 mutisinthire ndi chatsopano chokhala ndi timitu ta zipi tosadyeka ndi mchere, ndipo ngati mulibe choterocho mutibwezerenso ndalama. Mtengo wotumizira ukhale wanu. Tikupemphanso kuti mawu akuti sizilowa madzi muwachotse pa kapepala ndi pa tsamba lanu la pa intaneti kufikira mutayesa zikwamazi n'kulembapo mulingo weniweni. Taphatikiza lisiti, khadi la waranti, zithunzi za misoko ndi lamba, komanso kamutu kamodzi ka zipi m'kaenvelopu kuti amisiri anu akaone okha. Tidikira yankho lolembedwa ndi munthu amene wawerenga kalatayi m'masiku 14. Akadutsa masikuwa, nkhaniyi tikaitula ku bungwe loteteza ogula komanso ku banki yomwe tinalipirira.

Ife makasitomala anu,
Bambo ndi mayi amene mayina awo ali pa lisiti