Kalata kwa mnzanga wa ku Cape Town

Aise,

Ndikhulupilira uli bwino kumeneko pamodzi ndi alamu. Kuno ku Rumphi mvula yatipeza bwino, chimanga chayamba kumasula, ana ali gwa.

Zithunzi unatumiza pa WhatsApp za duwa lofiira la ku Table Mountain zija ndaziona, ndiye unafunsa kuti kodi timadzi take ndi shuga yemweyu timathira mu tiyi? Wafunsa munthu wolakwika chifukwa ine ndi njuchi zangazi nkhani ya timadzi ta mmaluwa ndikaiyamba sindimaliza msanga. Duwa lako lija ndi Disa uniflora, la m'banja la maluwa otchedwa orchid, achibale ake ali mbwee kuno ku Nyika komwe kuli mitundu ya ma orchid pafupifupi 200.

Mu timadzi timeneti mumakhala mashuga atatu, sucrose, glucose ndi fructose. Sucrose ndi yemwe uja wa nzimbe za ku Dwangwa ndi ku Nchalo, ndipo iyeyo ndi glucose ndi fructose atagwirana pamodzi basi. Njuchi zikamapanga uchi zimamudula pakati, nchifukwa chake mu uchi sucrose amatsalamo pang'ono chabe. Koma chimene chimandisangalatsa ine nchakuti duwa lililonse limasakaniza mwakemwake malingana ndi mlendo amene likumufuna. Maluwa amene timadzi take tabisika pansi pa kampope kataliatali, aja amayenderedwa ndi agulugufe akuluakulu a usiku, kawirikawiri sucrose ndi amene amachuluka ndipo timadzito timakhala tosungunuka ndithu, pamene maluwa osaya oti ntchentche ndi mavu zimangofika nkunyambita nthawi zambiri mumachuluka glucose ndi fructose. Za kusungunukazo nzosavuta kumva, thobwa ungamwe ndi ka straw koma yesa phala la mgaiwa uone ngati likwere.

Ndiye pali duwa lina la ku Madagascar, Angraecum sesquipedale, loyera ngati nyenyezi, kampope kake kamatalika masentimita 30 kapena kuposa. Charles Darwin atalandira duwali mu 1862 anaona kuti timadzi tangodzaza kunsonga kwenikweni pansi, masentimita 4 osakwana, ndiye anati payenera kukhala gulugufe wa usiku wa lilime lotalika chomwecho. Ena anamuseka eti. Gulugufeyo anapezekadi mu 1903 Darwin mwini wake atamwalira kale mu 1882, anamutcha Xanthopan morganii praedicta, koma kumuona maso ndi maso akuyamwa pa duwalo zinatenga mpaka 1992! Timadzito tili pansi choncho nchifukwa choti kanyamako kakankhe mutu wonse pa duwa kuti kafikire, pamenepo mungu umakamatirira nkupita nawo pa duwa lina. Ma orchid mungu wake sukhala fumbi ngati wa chimanga, umakhala timibulu tomata, ulendo umodzi wanyamula wonse.

Tsono apa mpamene pali chinyengo. Pa ma orchid atatu aliwonse, limodzi mwa iwo silipereka kanthu olo dontho, fungo ndi mtundu basi. Pa phiri lomwelo unakweralo pali Disa ferruginea, lofiiranso, lilibe timadzi nkomwe koma limafanana ndi duwa lina lotchedwa Tritoniopsis triticea lomwe lili ndi timadzi, ndiye gulugufe yemwe uja amayendera Disa uniflora wako, Aeropetes tulbaghia, amakonda zofiira kwambiri, amangofikapo nkuchoka ndi njala atasenza mungu waulele. Ine sindiliweruza duwalo, kupanga shuga kumadya mphamvu, ngati kasitomala akubwera yekha ulipiriranji.

Za ku Ulaya ndiye zoseketsa. Kuli orchid ina Epipactis helleborine, timadzi take timakhala poyera mu kambale, tizilombo ta yisiti timagweramo nkuyamba kusasitsa shuga uja mpaka kusanduka mowa, mavu akamwa amayenda mwaulesi ngati aledzera ndipo sachedwa kuiwala zodzipukuta mungu uja.

Chimene chikundidandaulitsa kuno ndi chinaka, anzathu aku Zambia amati chikanda. Anthu ambiri amadya osadziwa kuti timbatata timene amasinja nkuphika ndi nsinjiro ndi soda tija ndi ta ma orchid omwewa, Disa, Satyrium ndi Habenaria. Kale amayi ankakumba tochepa ta ndiwo zapakhomo, pano ndi bizinesi, matumba akuwoloka malire, ndipo ukakumba kambatata kaja mbewu yonse yathera pompo chaka chamawa sipamera kanthu. Ine ndimadya nawo sindinama, ndi nsima ya kondowole chimakoma heve, koma madambo ena amene tinkaona maluwa tili ana pano ndi maenje okhaokha.

Ukakweranso phirilo mu February uyang'ane Disa ferruginea uja, lofiira laling'onolo, undijambulire, lokhala ndi timaluwa tambiri pa phesi limodzi, koma osathyola aise ndi malo otetezedwa angakumange. Uchi wako ndasunga botolo limodzi, ndipatsira wina aliyense wodalirika amene akwere basi ya ku Joni mwezi wamawa, undiuze amene angakalandire ku Park Station. Upereke moni kwa alamu ndi ana.

Ndine mnzako wa ku Bolero uja.