Titeteze ndalama za Mtukula Pakhomo kwa mbava

Akonzi,

Mtukula Pakhomo, yemwe adayamba m'boma la Mchinji mu 2006, ndi ndondomeko ya boma yopereka ndalama kwa agogo, ana amasiye ndi mabanja osowa wowagwirira ntchito. Ambiri tsopano akulandirira pa foni, ndipo mbava nazo zatsatira komweko.

Wina amaimba n'kudzitcha wa ku boma, akuti akaunti yanu yatsekedwa, mumuuze PIN kuti aitsegule. Dulani foniyo. Wa boma, wa Airtel Money kapena wa Mpamba safunsa PIN. Kulowa m'ndondomekoyi n'kwaulere, wofuna ndalama kuti akulembeni dzina ndi wakuba.

Vuto lalikulu lili kwa ejenti. Gogo wosadziwa kuwerenga amapereka foni n'kutchula manambala anayi a PIN mokweza, anthu ali pamzere akumva. Ejenti wosakhulupirika amatapa zonse n'kupereka zochepa. Wolandira alowetse PIN yekha, kapena athandizidwe ndi wachibale mmodzi wodalirika. Aone kaye ndalama zotsala asanatape, adikire uthenga wotsimikiza, awerengere ndalamazo pomwepo asanachoke. PIN isakhale chaka chobadwa, poti chili pa chiphaso cha unzika, ndipo isalembedwe pa kapepala kosungidwa pamodzi ndi foni.

Simu ikasowa, kapena ikangofa pomwe za anzanu zikugwira, thamangirani ku kampani ya foni ndi chiphaso kuti akaitseke. Musasiyire wakatapila simu ngati chikole.

Mfumu kapena wa komiti akafuna gawo lake, kanenezeni ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu pa boma, ku polisi kapena ku bungwe lolimbana ndi katangale la ACB.

Wowerenga wanu,
Mchinji