Tiziyamba tayeza madzi tisanafese nazale

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo za ulimi wa mthirira, makamaka m'masikimu a mpunga ozungulira nyanja ya Chilwa. Nkhani ikakhala ya mthirira, atsogoleri amakonda kutchula mahekitala. Tikumva za ngalande yaikulu yotenga madzi mu Shire pa Kapichira, yoti idzathirire mahekitala oposa 43,000 ku Chikwawa ndi Nsanje. Nzabwino zimenezo. Koma ife amene tikuthirira kale, chimene chimatipha ndi kubzala osawerengera madzi.

Pa sikimu yathu, mpunga wa dzinja ukangochoka m'munda, aliyense amathamangira kufesa nazale wina, poti mu June mtsinje umakhala ukadali ndi madzi. Pofika September ndi October, pamene mpunga ukufuna madzi ambiri kuti ubereke, mtsinje waphwa. A kumtunda amatseka ngalande ndi matumba a mchenga usiku, a kumunsi nkudzapeza nthaka yang'aluka, mpunga wafiira. Feteleza wapita, ndalama za aganyu owokera zapita, chotsala ndi milandu kwa amfumu.

Chonsecho mitsinje yake ndi yomweyi imene imadyetsa Chilwa, nyanja yomwe inauma mu 1995 ndipo inaphwanso kwambiri mu 2018. Madziwa ngowerengeka.

Pempho langa kwa makomiti a madzi ndi alangizi ndi lakuti tizikhala pansi mu May, tisanagule mbewu. Tione kuti madzi akwanira mapuloti angati a mpunga, kwinako tibzale nyemba, chimanga chachiwisi kapena mbatata, zomwe sizifuna kuti madzi adikhe m'munda. Mpunga wochedwa kucha ngati Kilombero uzidikira mvula. M'chilimwe tibzale wocha msanga. Ndipo mpunga wa chilimwewo uzisinthana mabuloko chaka ndi chaka, asamangodyerera a kumtunda okhaokha.

Nawo olima zamasamba asamabzale tsiku limodzi. Tomato akapsa mudzi wonse pakamodzi, venda ndiye amatchula mtengo, iwe nkumangovomera poopa kuti beseni liwola.

A boma atithandize poika zoyezera madzi pamene ngalande ikuyambira, ndipo ndandanda wa masiku othirira uzimatidwa poyera, woba madzi usiku azilipa chindapusa ngakhale akhale m'bale wake wa tcheyamani.

Mlimi wa kumunsi kwa ngalande,
Zomba