Linga la Fort Manning: tisathamangire simenti

Akonzi,

Tiloleni tiyankhulepo pa nkhani yosamala malo omwe panali linga la asilikali la Fort Manning kuno ku Mchinji. Maganizo oti anthu a m'midzi yozungulira agwirane manja pa ntchitoyi ndi abwino. Nkhawa yathu ndi yoti anthufe tikangomva zokonza malo, maganizo amathamangira ku matumba a simenti ndi zitini za penti, pomwe ziwirizi zimawononga khoma lakale msanga kuposa mvula.

Alipo ena amene amafunsa kuti tivutikiranji ndi linga la atsamunda. Funsolo ndi lomveka, koma mbiri ya pamalopa si ya azungu okha. Mu January 1898 asilikali a boma la Britain anathira nkhondo Angoni a Mpezeni. Nsingo, mwana wa Mpezeni yemwe ankatsogolera ankhondo, anagwidwa n'kuphedwa, ng'ombe zambirimbiri zinalandidwa, ndipo Mpezeni mwiniwake anasungidwa ku Fort Manning pafupifupi chaka. Ambiri mwa asilikali omwe anamenya nkhondoyo anali anthu akuda anzathu, Atonga ndi Ayao, pamodzi ndi Amwenye a mtundu wa Sikh. Dzina la malowa linachokera kwa William Manning, mkulu wa asilikali yemwe pambuyo pake anakhala bwanamkubwa wa Nyasaland, ndipo boma lonse la Mchinji linkadziwika ndi dzinali mpaka titalandira ufulu. Mwana wa kwa mfumu Zulu kapena kwa mfumu Mlonyeni kuno ku Mchinji amene amapita ku mwambo wa Angoni wa Ncwala ku Mtenguleni m'dziko la Zambia mwezi wa February ayenera kudziwa kuti mbali ina ya nkhani ya mfumu yake Mpezeni inachitikira kwawo konkuno. Anzathu a ku Kasungu ali ndi nkhani yofanana pa Fort Alston, linga lomwe linamangidwa mfumu ya Achewa Mwase Kasungu itagonjetsedwa kumapeto kwa 1895.

Ntchito yoyamba si ya khasu ayi, ndi ya malire. Mafumu, komiti ya chitukuko ya m'mudzi ndi ogwira ntchito za malo ku khonsolo ayende limodzi, agwirizane pomwe malowa akuyambira ndi pomwe akuthera, aike mabikoni m'makona, alembe n'kusainirana. Popanda zimenezi, chaka chilichonse mzere umodzi wa chimanga kapena fodya umalowa mkati, ndipo pofika zaka khumi malo atha popanda amene anaba. Kenaka alembere kalata nthambi ya boma yoona za nyumba zosungiramo mbiri ndi zipilala. Lamulo la Monuments and Relics Act la 1990 sililola kukumba, kugumula kapena kusintha malo otetezedwa popanda chilolezo, ngakhale wochitayo ali ndi mtima wabwino.

Musanasunthe ngakhale njerwa imodzi, jambulani. Foni ndi yokwanira. Imikani ndodo ya mita imodzi pafupi ndi chomwe mukujambula kuti kukula kwake kudziwike, ndipo jambulani mbali zonse zinayi. Mukapeza zikhokhombe za zipolopolo, mabatani, mapale, mikanda kapena mabotolo, zisiyeni pomwepo mpaka akatswiri aone. Chinthu chikachotsedwa pamalo pake chimasanduka chitsulo wamba, chifukwa nkhani yake ili pa dothi lomwe chinagonapo.

Mdani wamkulu wa khoma la njerwa ndi madzi, ndipo amalowera kuwiri: pamwamba pomwe denga linachoka, ndi pansi pomwe amadikha. Pansipo ndi posavuta. Kumbani ngalande yosazama, mamita awiri kuchokera pa khoma, yotsetserekera kunja, ndipo muiyeretse mu October mvula isanagwe. Osakumba moyandikira maziko. Pamwamba pa khoma pamafunika kumata mopendekera pang'ono kuti madzi azitsika m'malo molowa mkati.

Apa ndi pomwe nkhani ya simenti ikubwera. Njerwa zakale zinaotchedwa ndi nkhuni, ndi zofewa, ndipo zinamangidwa ndi dothi kapena laimu. Khoma lotere limamwa chinyezi m'dzinja n'kuchitulutsa m'chilimwe kudzera m'mipata ya pakati pa njerwa. Mukatseka mipatayo ndi simenti, chinyezi chimasowa potulukira, ndiye chimadutsa m'njerwa momwemo, chitanyamula mchere wa m'nthaka. Mcherewo ukauma umaoneka ngati ufa woyera, nkhope ya njerwa n'kuyamba kusuwa. Pakapita zaka zochepa mumapeza mizere ya simenti ili chilili, njerwa zitadyeka kulowa mkati. Penti wa mafuta amachitanso chimodzimodzi.

Choncho pomwe anamanga ndi dothi, bwezerani dothi. Pomwe anamanga ndi laimu, sakanizani ndowa imodzi ya laimu ndi ndowa zitatu za mchenga wa kumtsinje wosefa, wopanda matope. Laimu wake akhale womangira, osati wothira m'munda uja, chifukwa wa m'munda ndi mwala wongopera ndipo sagwira. Mviikeni m'diramu kwa milungu ingapo mpaka akhale phala lolimba, madzi akhale ataphimba pamwamba nthawi zonse. Valani magolovesi ndipo tetezani maso, laimu amaotcha. Kolokosani m'mpata ndi kachitsulo mpaka masentimita awiri, chotsani fumbi, nyowetsani, kenaka kanikizirani matopewo mkati. Mukatha, phimbani ndi masaka onyowa kwa sabata. Laimu akauma mothamanga amang'aluka n'kugwa, n'chifukwa chake nyengo yabwino ndi May mpaka July kukuzizira, osati dzuwa la October.

Tichenjezenso za mtima wofuna kumanganso chomwe chinagwa. Khoma likafika m'chiuno, lisiyeni m'chiuno. Mukawonjezera njerwa zatsopano kuti lioneke bwino, mlendo sadzadziwanso chakale ndi chanu.

Mitengo imafuna nzeru. Kachere akamera pa khoma, mizu yake imalowa m'mipata n'kumakula chaka ndi chaka. Osamuzula, adzatuluka ndi njerwa. Dulani patsinde, phukira lililonse muzilithothola, chitsa chiume chokha, kenaka mumate dzenje lotsalalo. Mitengo ikuluikulu yomwe ili patali ndi makoma isiyeni. Pa mitumbira ndi m'maenje omwe asilikali ankabisalamo musapalire ndi khasu ngati pabwalo la sukulu. Udzu ndi womwe umagwira dothi, ingoumwetani ndi chikwakwa kapena chisenga. Ng'ombe zisadutsepo, ziboda zimasalaza mitumbira.

Moto wolusa uli ndi nyengo yake yodziwika, kuyambira August pamene anyamata ayamba kusaka mbewa. Lambulani njira ya mamita asanu kuzungulira malo onse pofika June, udzu usanaumitsitse, ndipo zinyalala musaotchere pafupi ndi khoma. Ngati patsala matabwa, achotseni pa dothi chiswe chisawafikire.

Zina zimawonongeka ndi manja a anthu: wotola njerwa kukamangira bafa, woumba njerwa amene akumba dothi m'mphepete, ndi aja okumba usiku poganiza kuti azungu anakwirira chuma. Mlonda wolipidwa ndi ndalama za bungwe amasiya ntchito ndalamazo zikatha. Chomwe chimakhalitsa ndi lamulo la m'mudzi lomwe mfumu yalengeza pabwalo, lokhala ndi chindapusa chodziwika. Ngati padzakhala kandalama kolowera, pakhale buku la malisiti ndi akaunti yosainira anthu atatu, ndipo lipoti liziwerengedwa pamsonkhano. Makomiti ambiri amafa pa ndalama zochepa zomwe palibe anafotokoza.

Chikwangwani chilembedwe m'Chichewa ndi m'Chingerezi, chiimikidwe pa mitengo yakeyake, osachikhomera pa khoma. Mawu ake asachokere m'mabuku a atsamunda okha. Aphunzitsi a mbiri m'masekondale atenge ophunzira akacheze ndi agogo a kwa Zulu, kwa Mlonyeni ndi kwa Mkanda, ajambule mawu awo pa foni, chifukwa Angoni ndi Achewa sanaione nkhondo ija mofanana. Ntchito imeneyi siyofunika kudikira chilolezo kapena thumba la laimu, ndipo ingayambe teremu ino.

Ife okonda mbiri,
Mchinji