Pempho la komiti ya m'mudzi wa m'mbali mwa Bua: mpasa ikusowa poikira mazira

Kwa inu nonse ana a mudzi uno amene muli ku Lilongwe, ku Blantyre, ku Joni ndi kutsidya kwa nyanja, komanso kwa abwenzi onse amene anadyako mpasa ya mu Bua, ife a komiti yosamalira mtsinje tikupereka moni, ndipo tikulemba ndi chilolezo cha amfumu.

Mvula yapitayi, gombe la kumtunda kwa dooko lathu linagumuka usiku, ndipo linapita ndi nazale yonse imene amayi ndi ana asukulu anaithirira chilimwe chonse. Mbande za mbawa ndi mkuyu zimene zinali zitatsala pang'ono kuokeredwa tinazipeza mmawa zitakodwa m'bango, machubu atang'ambika. Chimene chatipweteka kwambiri ndi chakuti dothi lonselo linakakhala pansangalabwi paja pamene munkawolokera popita kusukulu, pamene madzi ankayera mpaka munthu kuona zala za kuphazi. Lero mukaponda pamenepo mwendo ukumira m'matope mpaka m'katumba.

Mwina ena mwaiwala chifukwa chake malo amenewo ndi ofunika. Mpasa imapezeka m'nyanja ya Malawi ndi m'mitsinje yothira m'nyanjayi basi, ndipo ngakhale imakulira kunyanja, siikira mazira kumeneko. Imakwera mitsinje monga Bua, Linthipe, North Rukuru ndi Songwe kufunafuna madzi osaya, oyera ndi othamanga, okhala ndi nsangalabwi pansi. Mazira amagwera m'mipata ya timiyalato, mmene madzi odutsa amawapatsa mpweya ndipo nsomba zina sizingawatole, ndipo tiana tikaswa timayamba takhala mumtsinje tisanatsikire kunyanja. Matope akatseka mipata imeneyo, mazira amafa ngakhale mpasa itakwera yochuluka bwanji. Bua amachokera kutali ku Mchinji, ndipo amatibweretsera dothi la m'minda ya fodya ndi chimanga ya maboma a kumtunda. Limenelo sitingaliletse tokha. Koma la pagombe lathu ndi mlandu wathu, pakuti ndife tinadula mitengo n'kulima madimba mpaka m'mphepete mwenimweni mwa madzi, ndipo sitibisa kuti biyo (mpanda wotchinga mtsinje pogwira nsomba), katupe (mankhwala a chomera ophera nsomba) ndi maneti a udzudzu zinagwiritsidwapo ntchito ndi anthu a m'mudzi muno.

Pamsonkhano wathu ena anati tikudandaula pachabe popeza asodzi akugwirabe mpasa zikuluzikulu. Aphunzitsi athu a sayansi ndiwo anatitsegula maso ndi nkhani ya nsomba ya ku Canada yotchedwa white sturgeon, imene imatha kukhala zaka zoposa 100 ndi kutalika kuposa bwato la msodzi. Mu mtsinje wa Nechako, m'chigawo cha British Columbia, anamanga damu la Kenney m'chaka cha 1952, madzi osefukira amene ankatsuka pansi pa mtsinje anachepa, ndipo mchenga unakwirira miyala imene tiana ta nsombayi timabisalamo pafupi ndi tauni ya Vanderhoof. Kwa zaka zambiri anthu ankaonabe nsomba zikuluzikulu, osadziwa kuti ndi nkhalamba zokhazokha ndipo zazing'ono sizikuwonjezekera. Lero amachita kuswetsa mazira m'nyumba yapadera, ndipo ana asukulu amakathandiza kubwezera tiana mumtsinje. Iwo anapeza mpata wokonza chifukwa nsomba yawo imakhalitsa. Mpasa yathu sikhala zaka zotero, ndipo ife ndalama zomangira nyumba yoswetsera mazira tilibe. Akuluakulu pakati panu akukumbukira mmene nsomba ya ntchila inkadzazira madengu kale, ndipo akudziwa kuti mwana wa lero ngakhale dzina lake salidziwa.

Sitinakhale pansi manja ali lende. Amfumu analamula kuti pasapezeke wolima pafupi ndi madzi, ndipo mabanja amene anali ndi madimba pamenepo anavomera kusuntha, ngakhale kuti sizinali zophweka kwa amayi amasiye amene amadalira tomato ndi mpiru. Anyamata akuyendera mtsinje usiku mosinthana, opanda tochi yodalirika, ndipo aphwasula kale mabiyo amene anatseka njira ya nsomba. Tadzala nsungwi ndi udzu wa vetiva pamene tinatha. Kumtunda kwathu, m'nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota imene a bungwe la African Parks akhala akuyang'anira kuyambira 2015, mitengo ilipo ndipo mtsinje ndi wotetezeka, koma mpasa singafikeko isanadutse pakhomo pathu pano.

Bungwe lina linabwera chaka chatha, linajambula zithunzi, linatilonjeza machubu, mbewu za mitengo ndi makeni othirira, ndipo mpaka lero tikungoyang'ana kumsewu. N'chifukwa chake tatembenukira kwa inu eni ake. Tikusowa machubu ndi mbewu zoyambiranso nazale pamalo okwera, makeni, mawilibala, makasu, waya wolukira miyala yotchinjiriza pamene pagumuka, matochi ndi majombo a anyamata olondera. Miyala tikuswa tokha, ndipo ntchito ya manja sitikupempha malipiro. Aliyense apereke monga mmene angathere, kaya ndi ndalama kaya ndi katundu, ndipo zonse zidzalandiridwa pamaso pa amfumu ndi msungichuma wa komiti.

Timachita manyazi kunena izi, koma ambiri a inu fizi yanu inachokera mu mpasa yowamba imene amayi anu ankakagulitsa pamsewu wa M5 ndi ku boma la Nkhotakota. Mukabwera pa Khirisimasi kapena pamaliro, funso lanu loyamba limakhala lakuti mpasa ilipo kodi, ndipo timathamanga kukakufunirani. Ena tinawalembera kale paokha, sanayankhe, ndipo tikuganiza kuti mwina makalatawo sanafike.

Mbande ziyenera kukhala m'machubu pofika mwezi wa Ogasiti kuti zidzaokeredwe ndi mvula yoyamba, ndipo gombe liyenera kumangidwa madzi akadali ochepa. Amene mungathe kubwera, bwerani mudzaone nokha. Njira ya kudooko ndi yomwe ija, kungoti mtengo wa mkuyu umene munkatsamira podikira bwato nawonso unapita ndi madzi.

Ndife anu,
A komiti yosamalira mtsinje