Kalata kwa Mkulu wa National Institutes of Health: Musataye Maselo a Makoswe

Wolemekezeka Bwana Mkulu,

Ine ndimameza mapiritsi a BP m'mawa uliwonse, ndipo bambo anga anamwalira ndi sitiroko asanakalambe. N'chifukwa chake nkhani za m'malabotale ndimazitsata mwachidwi ngakhale sindine wofufuza. Mu Epulo 2025 bungwe lanu, limene limapereka ndalama za boma la America zofufuzira matenda, linalengeza kuti liziika patsogolo kafukufuku wogwiritsa ntchito maselo a anthu ndi makompyuta, pofuna kuchepetsa nyama zimene zimafera m'malabotale. Cholinga chimenechi ndi chabwino ndipo ndikugwirizana nacho. Nkhawa yanga ndi yakuti ndalama zikamasamukira ku njira zatsopanozi, maselo a m'miluza ya makoswe, amene akatswiri amawatcha embryonic stem cells, angasowe owasamalira.

Mluza wa khoswe ukatha masiku 4 kapena 5 umakhala kakang'ono zedi, ndipo m'kati mwake mumakhala maselo ochepa amene sanasankhe chimene adzakhale. Angathe kusanduka mtima, impso, ubongo, ngakhale umuna kapena dzira. Wofufuza akawatenga n'kuwalera m'kambale, amatha kusintha jini imodzi (kachigawo ka malangizo a chibadwa amene ali m'selo), n'kuwabwezera mu mluza wina, kenako pamabadwa nyama zimene zidzapatsire ana ake kusinthako.

Pa mbewa zimenezi zinatheka kalekale, mu 1981, pamene Martin Evans ndi Matthew Kaufman ku Cambridge, komanso Gail Martin ku San Francisco, anakwanitsa kulera maselowa. Zotsatira zake zinali zazikulu moti mu 2007 Evans analandira mphoto ya Nobel pamodzi ndi Mario Capecchi ndi Oliver Smithies. Koma khoswe anakanika. Anthu anayesa njira ya mbewa ija mobwerezabwereza, maselo a khoswe n'kumangothamangira kusanduka zina asanachulukane. Panapita zaka 27. Mu Disembala 2008 m'pamene gulu la Qi-Long Ying ku University of Southern California ndi gulu la Austin Smith ndi Mia Buehr ku Britain analengeza kuti atha. Nzeru yake imandisangalatsa mpaka pano. Ena onse ankafunafuna chinthu chokankhira maselowa kuti akule, pamene iwowa anathira mankhwala otseka MEK ndi GSK3, njira zimene selo limalandirira uthenga woti liyambe kusintha. Atawatseka makutu chotero, maselo aja anakhazikika. Mu 2010 gulu la Ying linabereketsa makoswe opanda jini ya p53, jini yoteteza ku zotupa imene imapezeka yowonongeka pafupifupi mu theka la khansa za anthu.

Wina angafunse kuti bwanji kuvutikira khoswe pamene mbewa ilipo. Khoswe ndi wamkulu pafupifupi maulendo 10 kuposa mbewa. Dokotala amatha kumuchita opaleshoni ya pa mtsempha kapena pa impso, kumutenga magazi kangapo, kumuyeza BP kwa milungu yambiri. Amaphunzira msanga, choncho amathandiza pofufuza za kuiwala, za mantha ndi za uchidakwa. Ndipo pa matenda anga ano mbiri yake ndi yaitali. Ku Kyoto mu 1963 Okamoto ndi Aoki anapanga mtundu wa makoswe amene BP imawakwera yokha. Cha m'zaka zomwezo Lewis Dahl ku labotale ya Brookhaven ku America anasankha makoswe amene BP imawakwera akadya mchere wambiri, pomwe anzawo ena mcherewo suwachita kanthu. Nesi akamandiuza kuti ndichepetse mchere, ndimadziwa kuti ena mwa maumboni ake anachokera ku nyama zimenezi. BP imakwera chifukwa impso, mitsempha, ubongo ndi mahomoni zikukokana m'thupi limodzi, ndipo timaselo ta m'kambale, kaya takonzedwa mwaluso chotani, sitinafike poonetsa kukokana konseku.

Ndikudziwa chimene alangizi anu angakuuzeni, ndipo sakunama. Kuyambira 2009 anthu anayamba kudula majini m'dzira la khoswe mwachindunji ndi timapuloteni todulira DNA totchedwa zinc finger nucleases, ndipo mu 2013 njira ina yodulira yotchedwa CRISPR inapeputsiratu ntchitoyi. Wofuna kungozimitsa jini imodzi masiku ano safunikiranso maselo a mluza. Komatu pali ntchito zina zimene maselowa amazichita bwino kwambiri, monga kulowetsa chigawo chachitali cha DNA ya munthu m'malo mwa cha khoswe, kapena kusintha malo angapo motsatizana. Wofufuza amayamba waunika maselo m'kambale, n'kusankha okhawo amene asintha molondola, nyama ngakhale imodzi isanabadwe. Apa ndi pamene ndikuona kuti pempho langa likugwirizana ndi cholinga chanu chomwe. Mfundo za kagwiritsidwe ntchito ka nyama pa kafukufuku zimene akatswiri Russell ndi Burch analemba mu 1959 zinkati nyama zilowedwe m'malo ngati n'kotheka, zichepetsedwe, ndiponso zisazunzike. Maselo ndi miluza zoumitsidwa ndi kuzizira mu nayitrojeni sizimva ululu, ndipo zimachotsa chifukwa chowetera mibadwomibadwo ya makoswe m'zikwere pongodikira kuti mwina tsiku lina wina adzawafuna.

Palinso china chimene chimandipatsa chiyembekezo ndi mantha pamodzi. Mu 2010 gulu la Hiromitsu Nakauchi linameretsa kapamba (chiwalo chopanga insulini) wa khoswe m'thupi la mbewa. Mu 2017 anatembenuza, n'kumeretsa kapamba wa mbewa mwa khoswe, ndipo maselo otengedwa mmenemo anachiza mbewa zodwala shuga. Ntchito yotere iyenera kuyang'aniridwa mosamala kwambiri, makamaka ikamayandikira maselo a anthu. Koma odikira chiwalo chatsopano ndi ambiri, ndipo sindingafune kuti njirayi itsekeke chifukwa chosowa amene amadziwa kulera maselo a khoswe.

Maselowa ndi ovuta. Akalereka mosasamala makromozomu ake, timitolo tosunga majini, amasokonekera, ndipo luso lake lili m'manja mwa anthu ochepa. Labotale ikatsekedwa, akatswiri aja amabalalika, ndipo zimene ankadziwa sizibwerera ndi ndalama za chaka chimodzi. Paja chitsime chimadziwika kuya chikaphwa.

Choncho ndikupempha, Bwana, kuti Rat Resource and Research Center ya ku University of Missouri, yosunga mitundu ya makoswe ndi maselo ake, ndi Rat Genome Database ya ku Medical College of Wisconsin, nkhokwe ya zodziwika za majini a makoswe, zipitirize kulandira thandizo lodalirika kwa zaka zambiri, ndiponso kuti paziphunzitsidwa achinyamata atsopano olera maselowa. Ndikupemphanso kuti ofufuza a m'mayiko osauka azipeza maselo ndi miluza imeneyi pa mtengo umene angaukwanitse, chifukwa odwala BP ochuluka pa dziko lapansi ali m'mayiko osalemera. Ndipo aliyense wolandira ndalama za bungwe lanu n'kupanga mtundu watsopano wa khoswe azilamulidwa kuusungitsa ku Missouri kuja, kuti wofufuza wina asadzaphenso nyama zina pobwereza ntchito imene inachitika kale.

Ine wanu mwaulemu,
Wodwala BP amene amatsata kafukufuku wanu